Balthasar Hubmaier—Anaona Ubatizo Monga Lonjezo

PA March 7, 1526, bungwe lolamulira mzinda wa Zurich, ku Switzerland, linapereka lamulo lakuti aliyense wobatiza munthu wamkulu amene anabatizidwapo kale ali khanda anayenera kumizidwa m'madzi kufikira atafa. Patapita zaka zitatu, mu 1529, msonkhano wa olamulira umene unachitikira ku Speyer unalamula kuti anthu oterowo aziphedwa kulikonse mu Ufumu Wopatulika wa Roma. Akatolika ndi Aprotesitanti, amene anali kutsutsana kwambiri pankhani zina zambiri, anali ogwirizana pankhani imeneyi.

Kodi nchifukwa ninji olamulira anaopa motero ubatizo wa anthu aakulu? Ndipo nchifukwa ninji amuna ndi akazi ambirimbiri anaulandira ngakhale kuti anadziŵa kuti ukanawaphetsa? Moyo wa Balthasar Hubmaier, amene anali m'ndende ya ku Zurich pamene lamulo la 1526 linaperekedwa, umathandiza kuyankha mafunso ameneŵa. Umathandizanso Mkristu aliyense kulingalira zimene analonjeza, kapena zimene adzalonjeza, patsiku la ubatizo wake.

Wansembe Wophunzira Kwambiri

Hubmaier anabadwa cha m'ma 1480 m'tauni ya Friedberg, pafupi ndi Augsburg, kummwera kwa Germany. Mu 1503 analoŵa yunivesite ya Freiburg. Popeza kuti analibe ndalama zokwanira, analekeza maphunziro ake kwakanthaŵi nakaphunzitsa ana pasukulu ina ku Schaffhausen. Atabwerera ku yunivesite, anakhala wophunzira wa Johann Eck, katswiri wa zaumulungu amene pambuyo pake anadzatchuka monga mdani wamkulu wa Martin Luther. Hubmaier anaikidwa kukhala wansembe, ndipo mu 1512 anatsatira Eck ku yunivesite ya Ingolstadt, kumene analandira digiri ya udokotala wa zaumulungu nayamba kuphunzitsa.

Mu 1516 anaitanidwa kukakhala mlaliki wa tchalitchi chachikulu cha mzinda wa Regensburg. Zimene anachita kumeneko nzomvetsa chisoni. Amalonda ndi amisiri ambiri a mumzindawo anali kuda Ayuda, ndipo maulaliki a Hubmaier anasonkhezera chidanicho. Mfumu Yaikulu Maximilian, imene inali kutetezera Ayudawo, itafa kuchiyambi kwa 1519, iwo anapitikitsidwa mumzindamo ndipo sunagoge wawo anagwetsedwa. Pamalopo panamangidwa kachisi wa Mariya, ndipo Hubmaier anakhala wansembe wake. Makamu a anthu anali kufika kudzalambira pamenepo, akumayembekezera zozizwitsa.

Chotero pamene anali ndi zaka pafupifupi 40, Hubmaier anali ndi maphunziro apamwamba, malo olemekezeka, ndi omvetsera ambiri. Komabe, m'kalata imene analembera akuluakulu a Regensburg mu 1524, iye anavomereza kuti kwa zaka zonsezo anali kulalikira ena pamene iyemwini sanali kudziŵa njira ya kumoyo.

Malemba Asintha Maganizo Ake

Mu 1521, Hubmaier anasamukira ku Waldshut, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine, imene panthaŵiyo inali pansi pa ulamuliro wa Austria. Poyamba anachita miyambo yonse ya Chikatolika mokhulupirika. Koma m'chaka chotsatira anayamba kuphunzira mosamalitsa makalata a mtumwi Paulo ndi kuŵerenga zolemba za Luther. Anayambanso kuyanjana ndi anthu a ku Switzerland amene anali kufuna kukonzanso tchalitchi, ndipo wamkulu wa iwo anali Ulrich Zwingli wa ku Zurich.

Mu May 1523 amuna aŵiriŵa anakambitsirana za ubatizo. Malinga ndi zimene Hubmaier anasimba pambuyo pake, Zwingli panthaŵiyo anavomereza kuti ana sanayenere kubatizidwa asanaphunzitsidwe. Mu October chaka chomwecho, pamtsutso wapoyera wa ku Zurich, Hubmaier anachirikiza Zwingli potsutsa mafano ndi chiphunzitso chakuti Misa ndi nsembe. Iye anaumirira kuti mikangano yonse ya chiphunzitso iyenera kuthetsedwa ndi Malemba okha.

Atabwerera ku Waldshut, anayamba kuchititsa mapemphero m'Chijeremani m'malo mwa Chilatini, ndipo mafano anachotsedwa m'tchalitchi. Boma la Austria linalamula kuti aperekedwe m'manja mwake, koma anthu a m'tauniyo anakana. Pofuna kuti tauniyo isaukiridwe chifukwa cha iye, mu 1524 anathaŵira ku Schaffhausen kwa milungu ingapo. Ali kumeneko analemba kabuku kotsutsa kutentha anthu oyesedwa ampatuko. Mfundo yake inali yakuti munthu wosokera ayenera kubwezedwa mwa kumphunzitsa Malemba moleza mtima, popeza kuti moto ndi lupanga sizingakhutiritse munthu kuti akhulupirire. Kabukuko kamaŵerengeredwa pakati pa zolemba zoyambirira za m'nyengoyo zochirikiza ufulu wa chikumbumtima. Atabwerera ku Waldshut anakwatira Elsbeth Hügline, mkazi amene anakhala naye kufikira mapeto.

Chifukwa Chake Nkhaniyo Inali Yaikulu

Kuti timvetsetse zimene zinatsatira, tiyenera kudziŵa malo amene ubatizo wa makanda unali nawo ku Ulaya m'zaka za zana la 16. Malemba Achigiriki Achikristu samasimba paliponse za khanda limene linabatizidwa. Cha m'ma 200 C.E., pamene mwambowo unali kufalikira, wolemba nkhani Tertullian analangiza kuti ana ayembekezere kufikira atakhoza kudziŵa Kristu. Koma pambuyo pa Augustine, amene anaphunzitsa kuti khanda lofa losabatizidwa silingapulumuke, makolo anafulumira kubatizitsa ana awo patangopita masiku oŵerengeka atabadwa.

Motero pafupifupi munthu aliyense wobadwira m'dziko lotchedwa lachikristu anali chiŵalo cha tchalitchi asanathe nkulankhula komwe. Tchalitchi ndi dziko zinali ndi anthu amodzimodziwo, ndipo olamulira anaona umodzi wa chipembedzo monga maziko a mtendere wa dziko. Kunena kuti munthu amakhala Mkristu mwa kudzisankhira kunatanthauza kuti ena akanasankha kusakhala Akristu, ndi kuti mpingo ukanakhala gulu lolekana ndi anthu ena onse. Olamulira anaona zimenezi monga chiyambi cha chipanduko.

Ku Zurich, ena mwa otsatira a Zwingli, onga Conrad Grebel ndi Felix Manz, anafika pokhulupirira kuti ubatizo wa makanda unalibe maziko a m'Malemba. Zwingli, amene anali kudalira chichirikizo cha bungwe la mzinda, anawatsutsa. Mu January 1525 bungwelo linalamula makolo onse kubatizitsa ana awo m'masiku asanu ndi atatu, apo phuluzi akanapitikitsidwa. Pa January 21, kagulu kena kanasonkhana m'nyumba ina, ndipo Grebel anabatiza George Blaurock, amenenso anabatiza enawo. Adani awo anawatcha Aanabaptisti, kutanthauza obatizanso. Iwo eni anakana dzinalo, pakuti sanaone mwambo wochitidwa pakhanda kukhala ubatizo.

Abatizidwa pa Waldshut

Panthaŵiyi Hubmaier anali atayamba kale kuleka kubatiza makanda. M'malo mwake, anali kusonkhanitsa mpingo, kuŵerenga nkhani ya Yesu yodalitsa tiana, ndi kupempherera khandalo, ngakhale kuti anali kubatizabe ana a makolo amene anaumirira. (Marko 10:13-16) Ndiyeno Wilhelm Reublin, mlaliki amene anapitikitsidwa ku Zurich, anafika ku Waldshut. Panyengo ya Isitala, mu April 1525, Reublin anabatiza Hubmaier limodzi ndi anthu ena pafupifupi 60. M'masiku otsatira, Hubmaier anabatiza anthu pafupifupi 300, akumatunga madzi m'ndowa yokamira mkaka.

Talingalirani zimene mchitidwe umenewu unatanthauza kwa iye. Dokotala wa zaumulungu, amene iyemwini anabatizapo makanda ambirimbiri, anali kuvomereza pamaso pa nkhosa zake kuti kufikira tsikulo anali wosabatizidwa. Anadziŵanso kuti mwa kutero anataya ubwenzi wa Zwingli, pamene boma la Austria linali kumfunafuna kale.

Mu May 1525, Zwingli anafalitsa buku lotetezera ubatizo wa makanda. Iye anati ubatizo unaloŵa m'malo mwa mdulidwe monga chizindikiro cha pangano, chotero ana a Akristu anayenera kuulandira monga momwe ana a Israyeli anadulidwira. Mu July, Hubmaier anayankha ndi buku lonena za ubatizo wachikristu wa okhulupirira, limene ambiri amaliona kukhala kulongosola komveka bwino koposa kwa nkhaniyi kwa m'nyengo imeneyo.

Kuphunzira Choyamba, Ubatizo Pambuyo Pake

Njira ya Hubmaier inali yosavuta. Anapenda nkhani za ubatizo za m'Malemba imodzi ndi imodzi nasonyeza kuti zinthu zinali kutsatizana m'dongosolo limodzimodzi. Choyamba mawu analalikidwa, ndiyeno munthu anamva, nakhulupirira, nabatizidwa, ndipo pambuyo pake anasonyeza chikhulupiriro chake ndi ntchito.

Aliyense wokhala ndi Baibulo angatsimikizire zimenezi. Yesu analamula otsatira ake kupanga ophunzira, kuwabatiza, ndi kuwaphunzitsa kusunga zonse zimene iye analamula. (Mateyu 28:19, 20) Pa Pentekoste wa 33 C.E., amene anabatizidwa anali awo amene analandira mawu a Petro. (Machitidwe 2:41) Ku Samariya, amuna ndi akazi anabatizidwa atakhulupirira uthenga wa Filipo. (Machitidwe 8:12) Ngakhale pamene banja lonse linabatizidwa, monga banja la wosunga ndende wa ku Filipi, cholembedwacho chimasonyeza kuti onse a m'nyumbamo anayamba amva mawu a Mulungu. (Machitidwe 16:32-34) Yesu mwiniyo anadulidwa ali ndi masiku asanu ndi atatu, koma anabatizidwa ali ndi zaka pafupifupi 30.—Luka 2:21, 3:21-23.

Otsutsa ake anati Malemba samaletsa paliponse kubatiza makanda. Hubmaier anayankha kuti ngati zonse zosaletsedwa mwachindunji nzololeka, miyambo yambiri imene Aprotesitanti anali atataya kale ikanayenera kubwezeretsedwa. Lamulo la kubatiza okhulupirira mwa ilo lokha limasiya kunja awo amene sangathe kukhulupirira.

Iye anakananso lingaliro lakuti madzi amachotsa machimo. Anaphunzitsa kuti chimene chimayamba ndicho kusintha kwa mkati kumene Mawu a Mulungu ndi mzimu wake zimachititsa, ndi kuti ubatizo wa m'madzi ndiwo umboni wapoyera wa kusinthako. Mwa ubatizowo munthu amadzipereka pamaso pa mpingo kukhala ndi moyo mogwirizana ndi mawu a Kristu. Liwu Lachilatini limene matchalitchi anatengako liwu lakuti sakramenti linali kugwiritsiridwa ntchito ponena za lumbiro la msilikali, ndipo Hubmaier anagogomezera tanthauzo limenelo. Kwa iye mbali yaikulu ya ubatizo inali lonjezo. Khanda silingalonjeze kanthu, ndipo palibe kholo kapena mboni ya paubatizo imene ingalonjeze m'malo mwake. Anawonjezera kuti wobatizidwayo ayenera kuyembekezera ubatizo winanso, wa mavuto, umene Yesu anauza ophunzira ake kuti adzabatizidwa nawo.—Marko 10:38, 39.

Afooka ku Zurich

Ubatizo wa mavutowo sunachedwe. M'chaka cha 1525 alimi wamba a kummwera kwa Germany anapandukira eni minda, ndipo tauni ya Waldshut, imene inali kale pamkangano ndi Austria, inagwirizana nawo. Alimiwo atagonjetsedwa, magulu ankhondo a Austria analanda tauniyo kuchiyambi kwa December. Hubmaier, amene anali kudwala, anathaŵira ku Zurich, ndipo patapita masiku oŵerengeka anagwidwa.

Atakambitsirana ndi Zwingli ndi atsogoleri ena, ndipo poopa kuperekedwa kwa Austria, anavomera kukana chiphunzitso chake. Anamtengera ku tchalitchi cha Fraumünster kuti akaŵerenge chikalata cha kukanako pamaso pa anthu. Koma atakwera pagome, chikumbumtima chake sichinamlole, ndipo anayamba kutetezera ubatizo wa okhulupirira. Anamchotsa pagomepo mofulumira namtsekera m'nsanja ya Wellenberg, ndende yomangidwa pakati pa mtsinje wa Limmat. Kumeneko anazunzidwa pachipangizo chokoka ziŵalo za thupi. Pomalizira pake anagonja, ndipo mu April 1526 anakana poyera zimene anali kukhulupirira. Pamenepo anamlola kuchoka mumzindawo mwakachetechete.

Hubmaier sanabise kulephera kumeneku. M'kabuku kamene analemba chaka chomwecho, anavomereza kuti anali munthu wokhoza kulakwa, ndi kuti kugwako kunatsitsa kunyada kwake. Anapempha Mulungu ndi anthu amene anawakhumudwitsa kuti amkhululukire. Nkhani yake imatikumbutsa za mtumwi Petro, amene anadzidalira nakana Mbuye wake katatu, koma analira moŵaŵidwa mtima nabwerera. (Luka 22:33, 34, 54-62) Ena anapirira chiyeso chimodzimodzicho popanda kugonja. Pa January 5, 1527, Felix Manz anamangidwa manja ndi miyendo naponyedwa mumtsinje wa Limmat, mogwirizana ndi lamulo la 1526.

Zimene Wobatizidwa Anali Kulonjeza

Atachoka ku Zurich, Hubmaier anadzera ku Augsburg nafika ku Nikolsburg, m'chigawo cha Moravia, cha mu July 1526. Tauniyo lerolino imatchedwa Mikulov ndipo ili ku Czech Republic. Panthaŵiyo ku Moravia kunali ufulu wa chipembedzo wokulirapo kuposa m'madera ena. Hubmaier anayambanso kulalikira ndi kubatiza. Atsogoleri a tchalitchi cha m'tauniyo anagwirizana naye, ndipo ngakhale mwini dzikolo, Leonhard von Liechtenstein, anabatizidwa. Othaŵa chizunzo anafika kuchokera kumadera ambiri olankhula Chijeremani. Wosindikiza mabuku wina anakhazikitsa makina ake m'tauniyo, ndipo m'chaka chimodzi chokha Hubmaier anafalitsa timabuku toposa khumi.

Pakati pa timabukuto panali kena kolongosola mmene ubatizo unali kuchitikira. Munthu wofuna kubatizidwa anayamba wafunsidwa ndi woyang'anira mpingo kuti aone ngati anali kudziŵa ziphunzitso zoyambirira ndi ngati anali kudziŵa kupemphera. Ngati sanali wokonzeka, anauzidwa kuti ayambe waphunzira. Ngati anali wokonzeka, anaimirira pamaso pa mpingo, ndipo mpingowo unampempherera. Ndiyeno anayankha mafunso ndi pakamwa pake. Anavomereza chikhulupiriro chake mwa Mulungu ndi mwa Kristu. Analonjeza kukana Mdyerekezi ndi ntchito zake zonse. Analonjeza kuyenda mogwirizana ndi mawu a Kristu, modalira mphamvu imene Mulungu amapereka. Analonjezanso kuti ngati adzachimwa, adzalandira uphungu wa abale ake, ndi kuti iyenso adzathandiza mbale wolakwa mwachikondi. Atatero anafunsidwa ngati anali kufuna kubatizidwa.

Lonjezo lomalizirali linali lofunika kwambiri kwa Hubmaier, kwakuti analemba timabuku tina tiŵiri, kena konena za uphungu wa paubale ndipo kena konena za kuchotsa mumpingo wochimwa wosalapa. Iye anadandaula kuti anthu ambiri amene anasiya Chikatolika anaphunzira kunena kuti chikhulupiriro chimapulumutsa, koma makhalidwe awo sanasinthe. Anali kudya nyama pamasiku osala kudya ndi kunyoza ansembe, pamene uchidakwa, chigololo, ndi katapira zinali kupitirizabe. Anakhulupirira kuti ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye nzopanda pake ngati mpingo sutsatira malangizo a Yesu onena za kuwongolera wolakwa. (Mateyu 18:15-17) Anaonanso kuti mpingo uli ndi ufulu wa kupereka uphungu kwa munthu kokha chifukwa chakuti munthuyo anavomera modzifunira kuulandira. Analembanso timabuku tiŵiri totetezera ufulu wa munthu wa kudzisankhira, pakuti lonjezo silingakhale ndi tanthauzo ngati munthu sangathe kusankha kumvera.

Zimene Sanazione Bwino

Hubmaier anali kutuluka mumdima wa zaka mazana ambiri, ndipo sanafike pomvetsetsa zonse. Mwachitsanzo, anali kubatiza mwa kutsanulira madzi pamutu. Komabe, liwu Lachigiriki lotembenuzidwa kuti kubatiza limatanthauza kumiza. Yohane anasankha malo okhala ndi madzi ambiri, Yesu anatuluka m'madzi atabatizidwa, ndipo Filipo ndi mdindo wa ku Aitiopiya anatsikira m'madzi. (Mateyu 3:16, Yohane 3:23, Machitidwe 8:38, 39) Paulo anayerekezera ubatizo ndi kuikidwa m'manda, ndipo kumiza thupi lonse nkumene kumasonyeza bwino kufa ku njira yakale ya moyo ndi kuuka kukachita chifuniro cha Mulungu.—Aroma 6:4.

Nkhani ina inali ya lupanga. Aanabaptisti ambiri a ku Switzerland anakhulupirira kuti wotsatira Kristu sayenera kumenya nkhondo kapena kukhala wolamulira. Hubmaier sanagwirizane nawo. Mu 1527 analemba kabuku kophunzitsa kuti Mkristu angakhale wolamulira ndi kugwiritsira ntchito lupanga potetezera osalakwa. Ponse paŵiri ku Waldshut ndi ku Nikolsburg, iye anadalira olamulira kuti atetezere mpingo. Zimenezi zinagaŵanitsa okhulupirira a ku Nikolsburg. Mu 1528 awo amene anakana kunyamula lupanga anachoka m'tauniyo nasamukira ku Austerlitz, ndipo gulu lawo ndilo linadzakhala chiyambi cha anthu otchedwa Ahutteri.

Yesu anauza Petro kubweza lupanga lake m'chimake, ndipo anauza Pilato kuti Ufumu wake suli wa dziko lino. (Mateyu 26:52, Yohane 18:36) Hubmaier anaona bwino lomwe kuti boma silingapangitse munthu kukhala Mkristu, koma sanaone kuti lonjezo la ubatizo limafunanso kuti wophunzira wa Kristu asakhale mbali ya mikangano ya dziko. (Yohane 17:16) Kugwirizana kwa Waldshut ndi alimi opanduka kunadzapatsa adani ake chifukwa chomuimbira mlandu wa kuukira boma.

Ku Vienna

Mu 1526 mfumu ya Hungary ndi Bohemia inafera pankhondo ya ku Mohács, ndipo Ferdinand wa ku Austria anakhala mfumu ya Bohemia. Motero Moravia anakhala pansi pa wolamulira yemweyo amene anali kufunafuna Hubmaier chiyambire nthaŵi ya ku Waldshut. M'chilimwe cha 1527, Ferdinand analamula kuti aperekedwe, ndipo eni dziko amene Hubmaier anawadalira sanamtetezere. Iye ndi mkazi wake anatengeredwa ku Vienna, ndiyeno Hubmaier anatsekeredwa m'linga la Kreuzenstein, kumpoto kwa mzindawo.

Kumapeto kwa chakacho anakambitsirana kwa masiku angapo ndi Johann Fabri, katswiri wa zaumulungu wachikatolika amene anadziŵana naye kuyambira kale. Pambuyo pake analembera Ferdinand chikalata cholongosola chikhulupiriro chake. M'chikalatacho anagonjera pamfundo zambiri, ndipo anafika ngakhale polonjeza kuimitsa ntchito yake yokhudza ubatizo ndi Mgonero kufikira msonkhano waukulu wa tchalitchi utapenda nkhanizo. Mwachionekere anali kufunabe njira yopulumutsira moyo wake. Koma sanavomere kuti zimene anaphunzitsa pankhani ziŵirizo zinali zolakwa, ndipo zimenezo nzimene oweruza ake anali kufuna.

Anambwezera ku Vienna, kumene anazunzidwanso. Panthaŵi ino sanagonje. Pa March 10, 1528, anamtengera kumalo onyongera anthu, mkazi wake akumamlimbikitsa kuti achirimike. Pamaso pa khamu la anthu, anapempha chikhululukiro kwa aliyense amene anamlakwira nakhululukira adani ake. Akupha anapaka sulufule ndi wonga m'ndevu zake namtentha pamtengo. Patapita masiku atatu, Elsbeth anamangiriridwa mwala m'khosi naponyedwa mumtsinje wa Danube. Mu 1564, pamene Tchalitchi cha Katolika chinafalitsa malamulo a mabuku oletsedwa, dzina la Hubmaier linatchulidwa pamodzi ndi la Luther, Zwingli, ndi Calvin.

Kodi Tikuphunzirapo Chiyani?

Ambiri lerolino amaona ubatizo monga mwambo wa banja, kapena monga chinthu chimene munthu amachita chifukwa chakuti anzake achita. Ena amauona monga chithumwa chotetezera munthu ku tsoka. Malemba amasonyeza kuti munthu ayenera choyamba kuphunzira za Yehova Mulungu ndi Mwana wake, kusonyeza chikhulupiriro, kulapa, ndi kutembenuka. (Yohane 17:3, Machitidwe 3:19) Ndiyeno amadzipatulira kwa Mulungu m'pemphero, akumadzikana yekha kuti atsatire Kristu mosalekeza. (Mateyu 16:24) Ubatizo wa m'madzi umasonyeza poyera kudzipatulira kumeneko, ndipo uli pempho kwa Mulungu la chikumbumtima chabwino.—1 Petro 3:21.

Kodi mukulingalira za kubatizidwa? Yesu analangiza kuti munthu ayambe wakhala pansi ndi kuŵerengera mtengo wake. (Luka 14:28-30) Dzifunseni kuti: Kodi ndasiya makhalidwe amene Mulungu amadana nawo? Kodi ndidzachirimika ngati achibale anga anditsutsa pamene ndikana miyambo yosemphana ndi Malemba? Kodi ndidzalandira uphungu modzichepetsa pamene ndalakwa? Makolo angathandize ana awo kufika pamsinkhu wa kuyankha mafunso ameneŵa, koma sangawayankhire. Ndipo munthu amene waŵerengera mtengowo sayenera kuzengereza chifukwa cha kuopa kuti mwina adzalephera, pakuti Mulungu amalonjeza kuti sadzalola atumiki ake kuyesedwa koposa kumene angathe kupirira.—1 Akorinto 10:13.

Bwanji ngati munabatizidwa kale? Mulungu amafuna kuti tikwaniritse zimene tawinda kwa iye. (Mlaliki 5:4, 5) Kwa ambiri a ife, lonjezolo limayesedwa m'zinthu za tsiku ndi tsiku, monga kuona mtima pamalonda, kukhulupirika muukwati, kusonkhana ndi okhulupirira anzathu, ndi kuuza ena zimene taphunzira. Mwina wina anafooka chifukwa cha mantha kapena chiyeso china, ndipo tsopano akuganiza kuti sangabwererenso. Hubmaier anagwa poyera, pamaso pa mzinda wonse, ndipo anakhoza kuvomereza kulakwa kwake ndi kuyambiranso ntchito imene anaikana. Baibulo limasonyeza kuti wolungama angagwe kangapo konse ndi kudzukanso. (Miyambo 24:16) Munthu wotero afikire Yehova m'pemphero ndi kupempha thandizo la akulu mumpingo, amene ali okonzeka kumbweza ndi mzimu wachifatso. (Agalatiya 6:1, Yakobo 5:14, 15) Yesu analonjeza chipulumutso kwa iye amene adzapirira kufikira chimaliziro.—Mateyu 24:13.